Ng'ombe za a Chisi Zadya Chimanga Chanu

Manyamula,
Mzimba.
19 Juni 2016

Okondedwa Amayi,

Ndikulonjerani ndi manja awiri. Kodi miyendo ija ikukulolani kufika kutchalitchi? Ine kuno kudzuka ndikudzuka, koma mtima suli m'malo.

Mdzukulu wanu Emmie anagonekedwa m'chipatala ku boma ndi malungo. Anatuluka, koma waonda, watsala maso okhaokha.

Chandilembetsa kalatayi ndi chimanga ndinakulonjezani chija, pamene ndinakuletsani kulima chifukwa cha miyendoyo. Chinabereka, Amayi, moti aphunzitsi anzanga ankachita kuima panjira. Ndinachidula n'kuimika mikukwe monga timachitira kwathu ku Dedza, ndimvekere chiume kaye, ndidzakolola mwana akachira.

Pobwera kuchipatala ndinapeza mikukwe yonse ili pansi, ndowe ponseponse. Ng'ombe zina zinali momwemo, kutafuna zikundiyang'ana ngati wolakwa ndine. Ndinakhala pamzere n'kulira mokuwa. Zomwe ndinatola sizinadzaze ndi dengu lomwe.

Ng'ombezo ndi za a Kingstone Chisi, oyandikana nafe, eni ake a mundawo, amene anandibwereka ulere. Ndinapitako nditalusa. Anandipatsa mpando n'kundipepesa chomene, monga amanenera kuno, koma anati mlandu palibe. Akuti kuno anthu akakolola, ng'ombe amazitayirira kuti zidye mapesi m'munda wa aliyense, ndipo tsiku lake analengeza pamaliro ena ine ndili kuchipatala. Anandifunsanso kuti pamene anthu onse ankathamanga kututa chimanga chawo, ine ndinkaganiza kuti akuthawa chiyani.

Ndikanayankha chiyani munda uli wawo? Kwa eni kulibe mkuwe. Ndinangodzuka n'kubwerera, manyazi ndi mkwiyo zitandigwira pamodzi.

M'mawa mwake akazi awo anabweretsa chambiko, mkaka wowawasa, wa ng'ombe zomwezo. Ndinafuna kukaukhuthulira kudzala, koma Emmie anali atatenga kale kapu. Ndinawathokoza kuti yewo.

Pempho langa ndi limodzi. Musadikirenso matumba kuchokera kuno, sakubwera. Kanga ka pamwezi kanathera pamatenda. Mbuzi mwasungira chiliza cha abambo zija, achimwene Evance azigulitse, mugule chimanga chisanakwere mtengo. Ndikudziwa kuti munalonjeza pamanda kuti chaka chino sichitha musanawamangire. Andikhululukire abambo. Iwo sakumva njala, koma inu muimva, ndipo wakugwetserani m'menemo ndine.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa alamu ndi ana, komanso kwa amalume a kumtunda. Inu achimwene, powawerengera Amayi kalatayi, ndikukudziwani, musadumphe za mbuzizo.

Tsalani bwino.

Ine mwana wanu,
Modester