Kompyuta Yodwala Lamulungu Lokha

Lamulungu, 2 Ogasiti 2009

Kompyuta yazimanso. Kuyaka pang'ono, sikirini kusanduka yabuluu, timalemba toyera tosamveka, kenako mdima bii. Ndayatsanso, yangolira pii, pii, pii. Nthawi imeneyo mkazi wanga Nising anali atakhala kale m'kashopu ka intaneti ku Hong Kong, tsiku lake lokhalo lopuma kwa mabwana ake. Wadikira mpaka kutopa. Meseji yake pafoni: "Kompyuta ndinaigula ndi msana wanga, yafa bwanji?" Ndati mwina ndi magetsi.

Lamulungu lachiwiri ili osationa. Mkazi wanga sakhulupirira mawu, amakhulupirira maso. Kamera ndimachita kuitembenuza uku ndi uku: aone denga ngati ndinamata, aone makatani, Rhea Mae aimirire, atembenuke, mayi wake aone ngati mwana akudya. Mwana wa zaka makumi awiri, wa sukulu ya unamwino! Koma ndi momwe timakhalira.

Lachiwiri, 4 Ogasiti

Mvula tsiku lonse. Okwera njinga yanga yamoto ochepa.

Ndimaganiza kuti m'kompyuta mwalowa nyerere. Kapena nalimata wafera m'kati, zinachitikapo kwa aneba. Ndanyamula bokosi lonse, kulikutira ndi pulasitiki, mpaka kwa Ruel wokonza makompyuta kuseri kwa msika. Watsegula, wapemerera, wadina kachitsulo kobiriwira, kati kwa! Yayaka. Akuti ndi kamemore, kanasunthira pang'ono m'malo mwake. "Manong Celso, akulu anga, mumaikweza panjinga kukaiwombetsa mphepo kapena?" Waseka yekha. Ndalipira.

Malaya anga awiri akuluakulu sakuoneka. Berting, mlongo wake wa Nising, amabwera kuno ngati kwawo. Kudya, kusewera makadi pakompyuta, kugona pampando. Ndikumuona.

Lamulungu, 9 Ogasiti

Sabata yonse yayenda ngati yatsopano. Dzulo madzulo ndinaiyesa, bwinobwino. Lero tabwera ku Misa, pii, pii, pii.

Makina amadziwa bwanji kuti lero ndi Lamulungu?

Ruel ameneyu. Kukonza mwadala mosamaliza kuti ndizibwerabwera. Kapena Berting, sindikudziwa n'cholinga chanji, koma munthu wosagwira ntchito mutu wake sugona.

Rhea Mae wati tisadandaule, Nanay, mayi ake, tiwalembera meseji basi. Wadya pang'ono, walowa kuchipinda. Mayeso akuti amupanikiza.

Meseji ya Nising yafika yaitali. "Ndani akukhala m'nyumba mwanga amene simukufuna ndimuone? Lamulungu likubwerali ndikapanda kuona nkhope zanu, mwana apite kwa mng'ono wanga ku Bacolod, inu mutsale ndi mkazi wanuyo."

Mkazi wanga uti? Zaka zonsezi ndimagona ndekha, kuchapa ndekha, anzanga pasiteji kunditcha mayi wa pakhomo. Zandipweteka. Ndakhala pansi nthawi yaitali, foni ili m'manja.

Lachiwiri, 11 Ogasiti

Kwa Ruel kachiwiri. Ndinapita nditakonza mawu, ndinayamba kale kumulalatira ndili pakhomo. Sanakwiye. Wandionetsa masikuluu a bokosi: mitu yake yokalikakalika. "Ine ndili ndi sikuludiraiva, Manong. Uyu akutsegula ndi mpeni kapena sizasi. Wakwanu komweko." Kamemore komweko, katakwezedwa mbali imodzi.

Wabwereka mankhwala opaka zikhadabo kwa mkazi wake, wadontheza pa sikuluu iliyonse. Akuti wina akatsegula, utotowo usweka. Sanandilipiritse. Zimenezonso zandikayikitsa, koma ndangothokoza.

Lachinayi, 13 Ogasiti

Berting wabwera nthawi ya chakudya, monga mwa masiku onse. Ndamufunsa ali ndi nsomba m'kamwa. Watsamwa. "Alamu, ine ngakhale batire la rimoti sinditha kusintha." Ndati nanga malaya anga? Nanga ndani akudzaza mlongo wako nkhani za akazi? Walumbira pa manda a mayi ake. Ndamuuza asapondenso pano. Wanyamula nsomba yotsala n'kumapita.

Rhea Mae anali pasinki, kutipatsa msana. Mbale imodzi waitsuka mpaka Berting kutuluka pageti.

Loweruka, 15 Ogasiti

Utoto uli bwinobwino, madontho onse. Kompyuta ikuyaka. Berting kulibe, ndiye tione.

Ndauza mwana kuti mawa ndipita Misa yoyamba kenako ndikanyamule anthu a ukwati. Bodza. Njinga ndikaisiya kwa Ruel.

Lamulungu, 16 Ogasiti

Ndinalowera khomo la kuseri, nsapato m'manja. Ndinkafuna kumugwira Berting pakhosi.

Rhea Mae. Atagwada pansi pa tebulo, bokosi lili chotsegula, m'manja muli kasizasi kake kodulira mabandeji. Atavala malaya anga abuluu aja. Anadzidzimuka, n'kuimirira mogwira tebulo, pang'onopang'ono, dzanja lina pamsana. Malaya anakokeka pamimba.

Ndinaona. Ine wokhala naye nyumba imodzi, wodya naye tsiku ndi tsiku, ndaona lero.

Sindinakuwe. Iye ndiye analankhula, akulira: "Tatay, inu simuona, koma Nanay akangoti tembenuka, basi. Akhala akutsuka zimbudzi za anthu kuti ine ndivale yunifolomu yoyera. Ndipatseni sabata imodzi yokha. Ndiwauza ndekha."

Mnyamata wake ndi wa m'kalasi mwawo. Dzina sindinafune kulimva lero.

Nthawi itakwana ndinali nditakhala kutsogolo kwa bokosi lija. Kudina kamodzi kokha ikanayaka, Ruel ndinamuona momwe amachitira. Nising akanaona nkhope yanga, akanaona kuti m'nyumba mulibe mkazi wina aliyense. Akanaonanso mwana. Ali yekha kutali, pakati pa anthu osawadziwa, mawa m'mawa akadzuke kukaphikira ana a eni.

Kachitsulo kaja ndakazula konse. Kali m'thumba la buluku langa. Ndalemba: "Yafanso, Ruel akuti mpaka sabata yamawa." Chikwatiranireni sindinamunamizepo mkazi ameneyu. Koma ndatumiza.



Lolemba, 17 Ogasiti

Sindinatuluke ndi njinga. Mwana ndamuphikira phala la mpunga la jinja, wadya lonse. Berting ndiyenera kukamupepesa, koma osati lero.

Masana foni yalira. Ndawerenga nditaimirira, kenako nditakhala.

"Mimbayo ndinaiona mu Julayi. Ndine mayi wake. Mavitamini ali m'bokosi la katundu lomwe ndatumiza, zovala za khanda zili pansi pa sopo. Za mkazi wina ndinkangokuopsezani kuti muyatse tilankhule. Dzulo Ruel ndinamuimbira, akuti kompyuta ilibe vuto. Mwana kuchita mantha n'zomveka. Koma inu, Celso? Kuyambira lero ndizidziwa bwanji?"

Ndayamba kuyankha. Ndalemba dzina lake. Ndafufuta. Ndalembanso dzina lake, kenako: "Pepani, ndinakunamizani."