Khoma loyambira kumanja

Lachiwiri

Titho 10:12
achimwene khoma lija lavuta

Seba 10:15
la pa sukulu? dzulo umati wamaliza, a komiti ya za ngozi akonda

Titho 10:15
anakonda pa pic. lero abwera okha kudzaliona

Titho 10:16
akuti mawa alipaka laimu 😭

Seba 10:16
chifukwa?? maso aakulu aja?

Titho 10:18
🎤 mawu 0:38
Ayi, maso angoseka. Ndinajambula mabokosi anayi, si choncho? Banja lili kudimba, madzi alowa m'nyumba, akwera bwato, afika kukampu kumtunda. Koma ndinayambira kumanja, ngati ma manga, mabuku a makatuni a ku Japan mumanditumizira aja. Dzanja linazolowera, sindinaganizeko n'komwe. Anthu akuwerenga kuchokera kumanzere.

Seba 10:21
dikira

Seba 10:21
ndiye akuona banja likuchoka kukampu, kukwera bwato, nkukathera kudimba likuseka

Seba 10:22
kkkkkkk titho iwe

Titho 10:22
musaseke plz. a tcheya akuti khoma langa likuuza anthu kuti bwererani kumadzi

Seba 10:24
sorry mlongo. vuto ndi langa, ndinakudyetsa za ku japan zambiri. jambulanso mosinthanitsa

Titho 10:25
penti wake uti? watsala wofiira yekha, pansi pa chitini

Titho 10:26
ntchito yanga yoyamba imeneyi. akaifufuta ndani adzandipatsenso khoma ku nsanje kuno

Seba 10:40
baba adziwa?

Titho 10:41
amva. nkhani yafika kale kudimba. muwadziwa, amati zidole za maso ngati kadzidzi sizidyetsa munthu

Seba 13:05
walankhula ndi madam veronika a mu komiti aja? ndi amene anakusankha

Seba 15:30
titho

Seba 17:48
yankha ngakhale ka emoji

Lachitatu

Titho 07:20
foni inathima, solar ya kwa a lorenso inali full. ndili pa sukulu. laimu asungunula kale mu ndowa

Seba 07:21
eish

Titho 07:33
achimwene baba abwera

Seba 07:33
kuchokera kudimba? kudzatani

Titho 07:34
kaya. atsamiritsa njinga pa khoma lenilenilo. opaka laimu akusowa poyambira

Seba 07:50
zili bwanji

Seba 08:15
ndili pa ntchito koma mtima uli konko

Titho 08:44
🎤 mawu 1:12
Mverani. Anayamba kumanzere ngati wina aliyense, pang'onopang'ono, mpaka pa bokosi la dimba. Akuti, uyu ndine. Tinachoka kukampu madzi asanaphwe n'komwe, kuthamangira chimanga. Ambiri pano anachita zomwezo. Ndiye ana a Standard 7, omwe amaonera anime ku video show aja, akuti agogo, izi zimayambira uku! Anawagwira dzanja kupita nawo kumanja. Baba anayendanso, bokosi ndi bokosi, mpaka kukampu. Anaima nthawi yaitali.

Seba 08:47
kenako???

Titho 08:49
a tcheya akuti mwaona, nchosokoneza, tifufute. baba akuti nkhabe, musafufute

Titho 08:50
akuti mbali iyi ndi zomwe timachita, mbali iyo ndi zomwe tiyenera kuchita. mukafufuta mwafufuta zonse

Seba 08:50
baba athu omwewa?

Titho 08:52
madam veronika akuti zikwangwani zonse zinaikidwa pano palibe chomwe chinaimitsapo anthu chonchi. mpaka amayi opita kumjigo atula zigubu, akukangana koyambira

Seba 08:53
ndiye agamula bwanji

Titho 09:10
avota. khoma likhala!! bola ndijambule muvi waukulu pamwamba woloza kumtunda

Seba 09:10
wofiira uja ukwana?

Titho 09:11
ndiuthira ka thinner

Seba 09:12
ndalira pamaso pa bwana. weekend ndikutumizira ma chapter ena, koma chonde makoma a ku malawi uziyambira kumanzere

Titho 09:13
tiona kkk

Seba 09:13
ndipatse baba ndiwathokoze

Titho 09:31
panopa sangathe

Seba 09:31
apita?

Titho 09:32
ayi. ndili pamwamba, andigwirira makwerero