Kadontho kofiira pa dzina la Titho

Lolemba, 2 Juni

Ndamaliza kulowetsa mayina onse mu kompyuta. Ana 95 a otizimu, kuchokera ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, onse mu kaundula mmodzi wa bungwe lathu lothandiza ana otere. Kale dera lililonse linali ndi kope lakelake, ndiye mwana ankatha chaka akudikira wothandiza kulankhula popanda ine kudziwa. Pano ndingoyang'ana kamodzi.

Kope la Ndirande ndi limene landivuta. A Betty, amene amayang'anira kumeneko, ali ku Mzimba kudwazika mayi awo. Zolemba zawo zothithikana, timadontho tofiira apa ndi apo. Bolopeni yotaya inki imeneyo. Akabwera ndiwagulira ina.

Lachinayi, 5 Juni

Kuholo ya ku Ndirande, chisanu. Ana khumi ndi mmodzi.

Titho wandisangalatsa. Zaka zisanu ndi ziwiri, sanatulutsepo liwu, koma lero wasankha yekha kadi ya chithunzi cha kapu n'kupatsa mayi ake. Ndafotokozeranso amayi onse kuti kadi ndi pakamwa pa mwana: akakupatsani, muyankhe pompo, apo ayi aleka kukupatsani. Mayi ake, a Ruby, anangoseka n'kudziphimba kumaso. Amabwera Lachinayi lililonse atavala bulauzi yoyera ya amayi a kumpingo, yositidwa bwino. Atijambulira zinthu zina za Titho kuti tipange makadi atsopano: mphasa yake, mpopi, benchi ya bambo ake kumsika.

Ndapereka mndandanda wa Ndirande kwa a Everson, aphunzitsi opuma aja angotilowa kumene. Ayamba kuyendera mabanja Loweruka.

Loweruka, 7 Juni

A Everson aimba masana. Anafika kwa a Ruby atavala tisheti ya bungwe lathu. Anatsegula ndi bambo a Titho, a Yakobe. A Everson anapereka moni, n'kunena kuti abwera kudzaona mmene mwana akuchitira ndi makadi ake a Lachinayi. Bambowo anafunsa kuti makadi ati, Lachinayi liti. A Ruby anali pampopi, ndowa inasefukira osaichotsa. Aneba onse a pa lendi paja anali panja, akuchapa.

Sindikumvetsa. Foni ya a Ruby yazimitsidwa.

Lamulungu, 8 Juni

Ndawapeza a Betty pa foni. Nditawafotokozera anafunsa: "A Mildred, kadontho kaja simunakaone?"

Kadontho kofiira kamatanthauza kuti bambo sakudziwa, musapite kunyumba. Sankalemba ndi mawu chifukwa kopelo amayenda nalo m'makomo, wina akhoza kulitsegula. Mayina asanu ndi limodzi. A Ruby amauza amuna awo kuti akupita ku msonkhano wa amayi. N'chifukwa chake bulauzi ija. Zaka ziwiri ndikuiyamikira kuyera, osafunsa.

Kutchalitchi sindinamve kanthu.

Lolemba, 9 Juni

Ndabwezeretsa madontho onse. Ndaimbira a madera ena kufunsa ngati nawonso ali ndi zizindikiro zawo. A ku Bangwe amapinda kona ya tsamba. A ku Chilomoni amalemba dzina la mayi ndi pensulo. Zonsezo ndinazisalaza ine ndi kompyuta yanga.

Foni ikadali yozimitsa. Ndaimba kasanu ndi kawiri, kenako ndaopa kuti mwina ili m'manja mwa bambo, ndaleka.

Lachiwiri, 10 Juni

A Ruby abwera ku ofesi, opanda Titho. Ndinayang'ana kumaso ndi m'mikono. Anaona, anati ayi, amuna awo sanawamenye, bola akanawamenya. Sakuwalankhula. Anena chimodzi chokha: Loweruka Titho akupita ku Phalombe kwa achemwali a bambowo, akakhale komweko. Akuti pa lendi ponse ayamba kunena kuti mwana wa a Yakobe ndi wamisala, mpaka analembedwa m'kaundula wa amisala.

Ndinayamba kufotokoza kuti otizimu si misala, ndi mmene ubongo wa mwana umalandirira phokoso, kuwala, anthu. A Ruby anandidula mwaulemu. Iwo akudziwa. Chimene akuopa ndi chitsime. Kwa alamu awoko kuli chitsime chosavundikira kuseri kwa nyumba, ndipo Titho akaona madzi amathamangira, kumuitana satembenuka. Atapita ku maliro chaka chatha anachita kumumanga mwendo ndi chitenje ku mtengo wa mango masiku atatu. Alamuwo si ankhanza, ali ndi ana asanu ndi munda. Adzamumanga, kapena tsiku lina adzaiwala kumumanga.

Ndinapepesa. Anati, "Basi, zinachitika," akupinda mpango pamiyendo.

Lachitatu, 11 Juni

Anzanga mu ofesi akuti tikanene kwa a zachitetezo cha ana. Mwina tidzafika pamenepo. Koma bambo kutumiza mwana kwa achemwali ake si mlandu, ndipo galimoto ya boma ikakaima pa lendi paja ndiye kuti ukwati watha, Titho apitabe. Ndapempha andipatse mpaka Loweruka. Ngati ndalakwitsanso apa, sindikudziwa.

Ndinapita ndekha kumsika wa Ndirande, kwa okhoma ndowa ndi mbaula. Tisheti ndinasiya. Phokoso la nyundo mbali zonse. A Yakobe ndi aafupi, odekha, si mmene ndinkawaganizira. Ndinadzitchula, ndinati cholakwa ndi changa, osati cha akazi awo. Anapitiriza kukhoma. Ndinalankhula zambiri, mwina zoposa, za makadi, za kapu ija. Atatopa nane anaika nyundo pansi.

"Mayi, bulauzi ija ndimasita ndine. Lachitatu lililonse, ndi simbi ya makala. Ndimati mkazi wanga akukapempherera mwana."

Pobwerera m'mbuyo phazi langa linagunda tizivundikiro ta zitini pansi pa benchi, tondandalikidwa kuyambira kakang'ono mpaka kakakulu. Anati ndisaponde, n'ta Titho, akapeza tasuntha salola kudya. Anawerama n'kubwezera kamene ndinasuntha, pamalo pake penipeni. Ndinadabwa kuti mwana woopa phokoso amakhala pamenepa. Anati nyundo yawo saiopa, amaidziwa.

Za Loweruka sanasinthe.

Lachinayi, 12 Juni

Ana asanu ndi atatu. Pamphasa ya Titho palibe anakhalapo. Makadi ake atsopano abwera, ndawabowola n'kuwamanga pa kawaya. Amayi ena awiri a madontho sanabwere, nkhani yawafika.

Lachisanu, 13 Juni

Ndikangotseka maso, chitsime.

Loweruka, 14 Juni

Cha m'ma 8 a Ruby anandiflasha kawiri. Nditaimba ndinangomva kukuwa kwa Titho ndi mahutala. Ku depoti ya Limbe. Ndinatenga makadi, kabaza wa njinga yamoto kuchoka kwathu ku Nkolokosa, ndikupemphera mosalongosoka.

Ndinawapeza pa minibasi za ku Phalombe. Titho ali pansi m'matope, zala m'makutu, akudzimenyetsa mutu pa chikwama. Anthu atazungulira. Mayi wina akuti ndi ziwanda, apite naye kwa abusa. Kondakitala akuti, "Madala, munyamuleni tizipita, mpando ndakusungirani." A Yakobe thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsechi. Atandiona nkhope inauma. Ndinaganiza kuti andithamangitsa pamaso pa anthu.

Ndinapempha anthu afutukuke pang'ono. Pakamwa panga panadzaza zofotokoza, ndinazimeza. Kwa mwana sindinapite. Ndinapereka makadi kwa bambo ake, ndinati angogwada, awagwire pamene angawaone, asalankhule. Anayang'ana akazi awo, anayang'ana anthu. Anagwada.

Zinatenga nthawi. Kondakitala anagulitsa mpando. Kenako Titho anachotsa dzanja limodzi kukhutu, n'kuyamba kutembenuza makadi. Kapu ayi. Mphasa ayi. Pa mpopi anaima pang'ono, mtima wanga unaima naye. Anapitirira. Anakoka ya benchi mpaka inang'ambika pa kawaya, n'kuiika m'dzanja la bambo ake.

A Yakobe anaiyang'ana nthawi yaitali. Benchi yawo, nyundo yawo, ndowa yosamaliza.

"Akuti chiyani?"

Ndinati akupempha kupita kuntchito kwanu.

Anaika kadi m'thumba la malaya. Titho anakuwa, anaitulutsa, n'kuwapatsanso m'dzanja. A Ruby ndi amene analankhula, koyamba sabata yonseyi kuwalankhula mwachindunji: "Akakupatsani mumayankha pompo, bambo a Titho. Mukapanda kuyankha aleka."

Minibasi ya ku Phalombe inanyamuka, ina inabwera pamalo pake n'kuyamba kuitanira. A Yakobe anaimirira, anaiyang'ana. Kenako anamuika Titho kumsana, iwo eni, bambo, pakati pa depoti, n'kulunjika ku minibasi za ku Ndirande. A Ruby pambuyo ndi chikwama.

Sananene kuti ku Phalombe kwalephereka. Chikwama chikadali chomanga, ndipo minibasi zimapita tsiku lililonse. Sanatsanzike. Ndinawatsatira pang'ono kuti nditenge makadi ndikakonze yong'ambika ija. A Yakobe anandiona, anawasamutsira dzanja linalo, n'kukwera nawo.