Mapira Ofiira Abwerera Kwawo

Lachinayi, Novembala 1987, Thambani

Lero kwatentha koopsa, mitambo ikungotinamiza. Koma chimene chandigwira mtima si dzuwa.

Mayi Rozina, othawa nkhondo amene tinawapatsa kamunda kuseri kwa khola, anabwera m'mawa kudzabwereka khasu. Atakhala pakhonde anamasula mfundo ya pachitenje, n'kutionetsa mapira ofiira, osadzaza n'chikhatho chomwe. Akuti ulendo wonse wochokera ku Tete, ana akulira ndi njala, sanalole kuti mbewuyo ilowe mumphika.

Amayi anga, omwe maso awo anachita khungu, anapempha kuti aigwire. Anaipapasa ndi zala, n'kuluma njere imodzi, kenako anafunsa Mayi Rozina.

"Mwanawe, mbewu iyi mwaitenga kuti?"

"Ndi ya apongozi anga. Anapita nayo kwathu kuchokera kunoko, chaka cha njala yaikulu ija."

Amayi akuti mapira amenewa ndi omwe ankalima ali mtsikana. Njala itakula, anthu anadya ndi mbewu yomwe, mtundu wake n'kutheratu m'mudzi muno. Ine ndakula ndikungomva mbiri yake.

Ndiye kuti mapirawa njala inawatulutsa, nkhondo yawabweza. Asilikali amalondera malire ndi mfuti, koma kambewu aka kawoloka kawiri popanda wokafunsa chiphaso.

Mayi Rozina atigawirako pang'ono. Amayi amanga njerezo pansalu yawo, ndipo akukana kuti wina aliyense azikhudze. Akuti phando loyamba akumba okha, ndingowagwira dzanja. Mvula ikangogwa...