Ola limodzi kukafika pamene anagona mayi

Aphungu,

Amene anandilakwira ndi mng'ono wanga, uja tinkamutcha Mawamawa. Mayi athu atamwalira, iye anawaika m'manda ine kulibe. Uthenga unandipeza kuntchito yanga ya ulonda maliro atatha kale. Nditamufunsa pafoni anati, "Achimwene, inu mumakhala kutali. Tikanadikira basi yanu, thupi likanaonongeka." Ndinadula foniyo. Papita zaka zambiri, kwawoko sindinapondeko, ndipo manda a mayi sindiwadziwa.

Poyamba chinkandiletsa ndi mkwiyo. Kenaka unabwera msana. Basi yopita kumeneko imatenga masiku awiri, kuzungulira mapiri, kuima paliponse, ndipo adokotala anati ndikayesa adzanditsitsa ngati thumba. Ndinangovomera kuti ndidzafa osapaona pamene anagona mayi.

Sabata yatha mwana wanga wamkazi, yemwe ndi namwino, anabwera ndi tikiti ya ndege. Akuti kuchokera pabwalo laling'ono la kuno kukafika pabwalo la kufupi ndi kwa mng'ono wangayo ndi ola limodzi. Ndinati, "Iwe, ola limodzi ine ndimakhala ndisanamalize kumeta ndevu ndi kumwa tiyi." Anaseka nati, "Bambo, ndege siima kuti anthu agule nthochi."

Chiyambire tsiku limenelo chakudya chikulowa ndipo tulo ndikugona. Koma sukulu ndinalekeza panjira, ndiye ndikufunsa inu: kodi n'zoona, kapena mwanayu akungondinyengerera? Khasu langa ndanola kale lokalimira pamandapo, koma iye akuti a ndege sakandilola kukwera nalo.

Kupepesa kwa Mawamawa sindikukufuna. Ndikufuna chimodzi ndisanafe: ayende patsogolo panga, andilozere ndi chala chake kuti mayi ali apa.

B.T.K., mlonda wopuma ntchito

Bambo B.T.K.,

Mwana wanu sakunama. Basi imatsata msewu, ndipo msewu umazemba mapiri. Ndege imangodutsa pamwamba molunjika, choncho malo otalikirana pamsewu amayandikana mumlengalenga. Ola limodzilo msana wanu upirira.

Koma ola limenelo ndi la m'mwamba mokha. Mufike pabwalo nthawi ikadalipo, chifukwa ndege saiimitsa ndi dzanja. Chiphaso chanu ndi mankhwala zikhale m'thumba la jekete, osati m'sutikesi. Adokotala anu adziwe za ulendowu, ndipo mwana wanu akupemphereni mpando wamatayala. Palibe chamanyazi pamenepo. Funsaninso mtunda wochokera pabwalo la kumeneko kukafika kumanda, poti galimoto ya pamenepo ikhoza kukugwedezani kuposa ndege.

Khasu lisiyeni. Munthu wokwiya, wanyamula khasu lonola, ngakhale ine sindingamukweze. Mukabwereke la mng'ono wanu.

Muimbireni lero, inu nomwe, osati kutuma mwana. Adziwe tsiku limene mukubwera ndi chimene mukudzera, kuti naye akonzeke. Kumbukirani kuti si inu nokha amene mwakalamba.

Chenjezo langa ndi ili. Masiku awiri a basi akanakuziziritsani mtima, koma ndege ikakutsitsani mukadali wotentha. Musakayambe ndi mlandu pakhomo. Mukakamukalipira asanavale nsapato, adzakhala pansi, ndipo kumandako mudzapita nokha kukafunsa anthu odutsa.