Lole ya Malambe

Golomoti,
9 Julaye 2017

Okondedwa achemwali a Josephine,

Ndikhulupirira kuti ntchito ikuyenda bwino ku Joniko. Kuno tili bwino, kungoti kwazizira.

Nkhani yokoma ndi yakuti a fakitale ya juwisi ya ku Lilongwe asankha ine, mlongo wanune, kuti ndiziwasonkhanitsira malambe dera lonse lino. Koma ndi anthu ovuta. Malambe otola pansi, osweka ndi olowa dothi sawafuna, amafuna othyola mumtengo.

Ndiye ndinati amuna anu a Zakariya, m'malo momangokhala pakhonde n'kumadandaula kuti nsomba zatha m'nyanja, akwereko mlambe waukulu wa kudimba kwathu uja. Anayamba zoti zikhomo zokwerera n'za chaka chatha, zafumbwa, tiyambe tasema zina. Ine ndinawauza kuti lole sidikira munthu, ndipo mkamwini wodya za pamudzi pano asamasankhe ntchito. Anakwera. Chikhomo cha pamwamba chinathyoka.

Musadandaule, ali moyo. Miyendo yokha ndiyo sakuimva.

Mumva anthu akundijeda kuti ndinakana kuwakweza lole. Achemwali, lole ija imanyamula chakudya cha anthu. Alamu anali magazi okhaokha, komanso anali atadziipitsira. Dalaivala anati, "Bwana, titsitse matumba angapo agone apa." Nditsitse matumba, a fakitale andione wosalongosoka ulendo woyamba womwe? Ngolo inapezeka madzulo, ndipo kuchipatala ku Mua anafika ndithu.

Atatuluka ndinawatumiza kwawo kunyanja, kwa amayi awo. Ife tilibe wowatembenuza ndi kuwasambitsa, ndipo munthu woti sadzagwiranso khasu atsalirenji pamudzi pa eni? Powakweza ngolo analira ngati mwana, ati ndikuuzeni kuti muwakhululukire. Kunena zoona zinandinyansa. Inu mukadali mtsikana, mupeza wina wa miyendo.

Musavutike n'kubwera, azungu anu angakuchotseni ntchito pachabe. Ngati mungathe, munditumizire foni yabwinoko yolankhulira ndi mabwana a kufakitale.

Akupereka moni alamu anu a Tadala ndi ana onse. Mwana wanu Mayamiko akukufunsani tsiku lililonse. Ndi womvera, osati ngati bambo ake. Sukulu ndayamba ndamuimitsa, chifukwa lole ikubweranso Loweruka ndipo kunsonga kuja malambe atsalako ambiri. Iye ndi wopepuka thupi, zikhomo zotsalazo zimunyamula.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Kaliati