Ndikugwetsa dala kandege kanga

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka za m'ma 40, ntchito yanga ndi yokonza mawailesi ndi ma TV. Chaka chatha ndinakwatira mayi amene ali ndi mwana wamkazi wa zaka 14. Mayiyu tikukhala bwinobwino. Koma mwanayu, chiyambireni kukhala nyumba imodzi, anali ngati wamanga pakamwa ndi waya. Ndikamupatsa moni ankayankha akuyang'ana khoma. Ndikalowa pabalaza, iye ankatulukira khomo lakuseri. Sankanditchula bambo, ngakhale ankolo, akafuna kunena za ine ankangoti "awo". Sindimuimba mlandu. Bambo ake omubereka ankamulonjeza zambiri ali wamng'ono, kenako anangozimiririka.

Tsiku lina ndikusesa mushopu ndinapeza kamakina ka magemu kakalekale pansi pa mulu wa mawailesi akufa. Mwini wake anakasiya ndipo sanabwerenso. Ndinakapukuta fumbi, kuwotcherera waya umodzi, basi kanayaka. Muli gemu imodzi yokha. Dzina lake ndi la zilembo zachilendo, moti ngakhale anyamata odzitama kuti amadziwa magemu anangopukusa mitu. Ndi ya tindege tiwiri, kofiira ndi kobiriwira. Dziko limangoyenda lokha kutsikira m'munsi, iwe n'kumawombera adani ochokera kumwamba uku ukuzinda zipolopolo. Kubwerera m'mbuyo kulibe, kusunga pamene wafika kulibenso. Ukafa ndiye kuti wayambiranso pachiyambi.

Ndinapita nako kunyumba kuti ndikayese pa TV yathu. Ndikungophedwa pamalo amodzimodzi ndi kandege kanga kofiira, ndinamva mawu a mwanayu kumbuyo kwanga: "A Ofiira, simukuona kuti chikubwerera kumanzere?" Ndinatsala pang'ono kugwetsa padi, kogwirira ka mabatani kaja. Ndinamupatsira padi inayo osamuyang'ana, kuopa kuti angathawe ngati mbalame yotera pawindo.

Kuyambira pamenepo timasewera Loweruka masana ndikatseka shopu. Mwanayu ndi katswiri, ine sindifikako. Pali gawo la phanga lopapatiza limene amadutsa osakhudza khoma, ine ndikungoomba uku ndi uku. Ndipo maso akakhala pa TV amalankhula, Aphungu! Tikudutsa panyanja ya zombo anandiuza za mphunzitsi wa masamu amene amamuchititsa manyazi m'kalasi. Tili m'phanga muja anandiuza kuti amaopa kuti mayi ake akadzabereka mwana wina, iye adzaiwalika. Gemu ikazima pakamwa pamatsekekanso, koma pano moni amayankha, ndipo dzina langa m'nyumba muno ndi a Ofiira. Sindinasangalalepo ndi dzina chonchi.

Vuto ndi lakuti tafika pa gawo lomaliza. Pali chilombo chachitsulo chodzaza TV yonse, cha diso limodzi pakati. Mochiphera ndikudziwa: uwombere disolo likangotseguka. Koma chikayamba kufuka utsi, ine ndimalowetsa dala kandege kanga m'zipolopolo. Ndikuopa kuti tikamaliza sipakhalanso chotikhazika limodzi. Ndikagwa, iye amawombera pang'ono, naye n'kugwa, n'kuika padi pansi akuti, "Basi, Loweruka linalo."

Sabata yatha anandiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Munthu wowotcherera timawaya tangati tsitsi, manja angamanjenjemere pamenepa pokha?" Ndinangoseka. Nditawaululira mayi ake anangoti, "Inu mwakula thupi lokha," n'kupitiriza kusita. Kodi ndipitirize kunama, kapena ndimalize n'kubwerera kukhala "awo"?

B. K. M.

*

A Ofiira,

Ndikukuitanani ndi dzina limeneli chifukwa simunalitole panjira, munachita kulivutikira. Tsopano tamverani: malizani gemuyo Loweruka likubwerali.

Mwanayu wakutulukirani kale. Funso lake la manja onjenjemera silinali nthabwala, amakupatsani mpata woti munene zoona. Mwanena nokha kuti bambo ake ankamunamiza. Kwa mwana wotere, bodza lochokera m'chikondi ndi bodza ndithu, ndipo akatsimikiza kuti mukumupusitsa adzakuikani m'gulu limodzi ndi amene anazimiririka uja. Pamenepo mudzataya zambiri kuposa gemu.

Muuzeni muli m'kati mosewera, maso ali pa TV, poti ndi mmene awirinu mumamvanirana. Musamukhazike pampando ngati pali mlandu, ndipo musalalikire. Mawu ochepa akwana: "Ndimagwa dala chifukwa sindifuna kuti Loweruka lathu lithe. Lero tichimalize." Mukatero wombani disolo ndi mtima wonse. Akapanda kuyankha musadandaule, wamva.

Mukuganiza kuti kandege ndi kamene kanatsegula pakamwa pake. Ayi ndithu. Chinamumasula n'chakuti munakhala pambali pake, manja onse ali pantchito, popanda womuyang'ana m'maso kapena kumufunsa mafunso ngati wapolisi. Zimenezi sizili m'kamakinako, mukhoza kupita nazo kulikonse. Taonani, mwanayu amadziwa mpaka kuchepa kwa timawaya timene mumawotcherera, ndiye kuti ntchito yanu amaiyang'ana. Muitanireni kushopu, mumupatse wailesi yakufa ndi sikuludiraiva, mukhale naye pabenchi limodzi. Akakana musathamangire kugula gemu ina ngati nyambo. Kamakinako kasiyeni pomwe kamakhala, Loweruka muzipezeka pakhomo monga kale. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za mantha ake oti adzaiwalika, musazisiye m'phanga muja. Mupempheni kuti akuloleni kuwauza mayi ake, kapena muwauzire limodzi. Koma samalani: zimene amakuuzani pa gemu si zoti muziseketsa nazo alendo, kapena kumukumbutsa tsiku limene wakulakwirani. Mukangotero kamodzi, waya uja wabwerera pakamwa. Musamuumirizenso kukutchulani bambo. Dzinalo likafuna kubwera lidzabwera lokha, ndipo likapanda kubwera, la Ofiira silochepa.

Pomaliza, werenganinso kalata yanu, pali chimene mwalemba koma simunachione. Mwati mwanayu amadutsa phanga lopapatiza osakhudza khoma. Mwatinso chilombocho chimakhala chikufuka kale utsi pamene inu mukugwa. Katswiri ngati ameneyo akanafuna kuchimaliza yekha, bwenzi atachimaliza kalekale. Nanga kandege kobiriwirako kamagweranji nthawi zonse kofiira kakangogwa? Woopa kuti gemu ithe m'nyumbamo si inu nokha, bambo.

Aphungu